Mazira Khumi ndi Atatu a Nankhoma

Kalekale, inu amene mwatchera khutu, nyama zisanaleke kulankhula, panali nkhanga ina dzina lake Nankhoma. Nankhoma anaikira mazira khumi ndi awiri pansi pa chitsamba cha minga m'mphepete mwa dambo. Anawafungatira bwinobwino, ndipo tsopano akagunditsa khutu ankamva tiana tikugogoda m'kati.

Koma tulo sanagone. Madzulo anali ataona mapazi pamchenga pafupi ndi chisa, mapazi a Ng'azi ndi a Nyenga, akuba mazira odziwika dambo lonse.

Akubawa anali ndi chidyerano chawo, ndipo chidyeranocho chinali ndi pangano. Chimene apeza, ankayala pansi n'kugawana mofanana. Panalibe wolawa kugawana kusanathe. Wodya moposa mnzake, anzake onse ankamuluma mchira. Chaka chathacho Nankhoma anaikiranso khumi ndi awiri. Awiriwo anagawana asanu ndi limodzi uku, asanu ndi limodzi uko, osakangana n'komwe, ndipo pochoka anachita kumuthokoza.

Kutacha, mlamu wake Nasoko anamupeza akuyala timiyala m'mizere. Nasoko anali mtsikana, ndipo kuikira kwake koyamba kunangotulutsa dzira limodzi, moti nkhanga zina zinkamuseka.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Maso afiira chonchi bwanji?"

"Ndachezera miyala, alamu. Taonani. Khumi ndi awiri ndi nambala yofatsa ngati mkamwini watsopano. Abwere awiri, ivomera. Abwere atatu, ivomera. Anayi, ivomera. Asanu ndi mmodzi, ivomeranso."

"Nanga nambala imakana ngati munthu?"

"Imakana. Zina zimagawika pawiri bwinobwino. Zina zimakana awiri koma zimalola atatu, monga zisanu ndi zinayi. Koma zilipo zamakani, zokana aliyense. Zisanu ndi ziwiri ndi yamakani. Khumi ndi chimodzi ndi yamakani. Khumi ndi zitatu nayonso. Ndayala, ndayalanso, mizere yake siilingana."

Nasoko anaganiza pang'ono. "Ndiye ndipatseni limodzi, kwanu atsale khumi ndi limodzi."

"Kwanu akhala awiri, alamu. Mazira awiri ndi chakudya cha akuba awiri. Ndikhala ndakuitanirani tsoka."

Nasoko anapita kuchisa chake. Posakhalitsa anabweranso akukunkhuniza dzira lake ndi mlomo, pang'onopang'ono, kulilambalalitsa miyala.

"Alamu, limeneli ndi limodzi lokha lomwe muli nalo," anatero Nankhoma.

"Ndiye mulifungatire pakati, pofunda," anayankha Nasoko, n'kukabisala mu udzu.

Dzuwa litakwera, Ng'azi anatulukira akukoka mimba pansi, Nyenga akudumphadumpha pambuyo pake.

"Odi kuno, mayi."

"Fikani, a Ng'azi. Fikani, a Nyenga."

"Tabwera kudzazonda mazira," anatero Ng'azi mwaulemu. "Tasunthani pang'ono."

Nankhoma anasuntha. Nyenga anayamba kugawa.

"Lanu, langa. Lanu, langa. Lanu, langa."

Aliyense anaunjika asanu ndi limodzi. Pakati panatsala dzira limodzi. Ng'azi analiyang'ana. Nyenga analiyang'ana. Anasakanizanso mazira, Ng'azi n'kugawa yekha. Linatsalanso limodzi.

"Lotsala ndi la wamkulu," anatero Ng'azi.

"Pangano silidziwa wamkulu, achimwene. Limadziwa mchira."

"Ndiye tilisiye."

"Tilisiye kuti mubwerere nokha dzuwa likapendeka? Ndimakudziwani inu."

"Tilidule pakati."

"Dzira ndi chinangwa kodi?"

Anakangana mpaka mithunzi inatalika. Potsiriza anagwirizana zokaitana Khwangwala, poti mwina pa atatu zilingana.

"Muwabwezere m'chisa, abambo," anatero Nankhoma. "Akazizira asukusa, ndipo losukusa silidyeka."

Anawabwezera mosamala kwambiri, ngati ana awo omwe.

M'mawa mwake anabwera atatu. Khwangwala anali patsogolo, akuyenda monyang'wa ndi kolala yake yoyera.

"Odi kuno, mayi."

"Fikani, a Khwangwala."

"Ndamva kuti anzangawa masamu awavuta. Taonani mmene timagawira ife oyenda m'mwamba. Lanu, lanu, langa. Lanu, lanu, langa."

Aliyense anaunjika anayi. Pakati panatsala dzira limodzi.

"Masamu a m'mwamba ndi amenewa?" anafunsa Nyenga.

Khwangwala anatsokomola. Koma mutu wake unali wakuthwa kuposa wa anzakewo. Anaika phazi pa dzira lotsalalo n'kunena kuti, "Nkhani yaing'ono iyi. Tiswe limeneli, asadye aliyense. Atsala khumi ndi awiri, anayi anayi, basi."

Nankhoma anayang'ana dziralo. Linali la Nasoko, ankalidziwa ndi kadontho kake kakuda. Mu udzu momwe Nasoko anabisala munamveka kugwedera. Nankhoma analankhula mofatsa.

"Nzeru yabwino imeneyo, bambo. Muswa ndi mlomo wanuwo?"

"Nanga ndiswe ndi chiyani?"

"Chabwino. Ndimangofunsa kuti zomatirira pamlomozo mukapukutira kuti."

Nyenga anatembenuka msangamsanga. "Anyambita ameneyu. Ife anayi, iye anayi ndi kachidutswa."

"Ndiswa ndi mwala," anatero Khwangwala.

Ng'azi anatulutsa lilime lake lamphanda, misozi ili m'maso. "Dzira lathunthu, ambwana, lidyedwe ndi nyerere ife tikuona? Kwathu zimenezo sizinachitikepo. Malemu bambo anga atha kudzuka."

Khwangwala anachotsa phazi. Anakangana mpaka mithunzi inatalika, ndipo anagwirizana zokaitana Nyani, poti iye ali ndi zala zowerengera. Mazira anawabwezeranso m'chisa.

Atachoka, Nasoko anatuluka mu udzu. "Alamu, mtima unandichoka."

"Tamverani apa," anatero Nankhoma. Nasoko anagunditsa khutu pa dzira lake. Kugogoda kunali kutakula.

M'mawa winawo anabwera anayi. Nyani anakhala pansi osaodira, n'kuthyola zala.

"Lanu, lanu, lanu, langa."

Aliyense anaunjika atatu. Pakati panatsala dzira limodzi.

Nyani anakanda m'mutu. "Tikaitana wachisanu?" Anayesa ndi timiyala. Awiri awiri, atatu n'kutsala. "Wachisanu ndi chimodzi?" Awiri awiri, limodzi n'kutsala. "Wachisanu ndi chiwiri?" Limodzi limodzi, mulu wonse n'kutsala. Zala zam'manja zinatha, anayamba zakumapazi, koma sizinathandize.

"Mayi, mazira anuwa munawakhwimira?"

"Ayi, a Nyani, ine mankhwala sindiwadziwa. Ndi nambala yake yamakani. Khumi ndi atatu amalola njira ziwiri zokha. Mukhale khumi ndi atatu, aliyense lake limodzi. Apo ayi, akhale mmodzi yekha, adye onse."

Nankhoma anali ndi maso, ndipo anaona bwino. Pa mawu akuti "mmodzi yekha," pakhosi pa Ng'azi panayenda. Mchira wa Nyenga unagwedera. Khwangwala anayang'ana kumwamba ngati akuona mvula. Nyani anayamba kuyeretsa chikhadabo chomwe chinali choyera kale.

"Tikaitane ena asanu ndi anayi," anatero Ng'azi mokweza. "Dzira limodzi limodzi. Chilungamo ndicho chimamanga chidyerano."

"Zoona, achimwene," anavomera onse. "Tikumane mawa dzuwa lili paliwombo. Wina asafike msanga."

"Ndani angachite zimenezo?" anatero Nyenga.

Anabalalika, aliyense njira yake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analowera kumene kumakhala anzawo ena.

Dzuwa likulowa, dzira loyamba linang'aluka. Kenaka lachiwiri. Kenaka onse anayamba kusweka ngati chimanga chokazinga, ndipo Nankhoma ndi Nasoko anatanganidwa kufungatira tiana tonyowa kuti tiume. Mwana wa nkhanga sachedwa. Akangouma, miyendo ndi yomweyo.

M'bandakucha, Nankhoma anatsogola, ana pakati, Nasoko pambuyo. Anadutsa mu udzu wamame mpaka pa chulu chakutsidya kwa dambo. Analowetsa ana pansi pa zitsamba, iye n'kukwera pamwamba kuti aone.

Sanadikire nthawi. Ng'azi anatulukira chakummawa akukwawa mwakachetechete. Nyenga anatulukira chakumadzulo akunyang'ama. Khwangwala anatera kuchokera mumtengo. Nyani anatsetsereka pamwala. Onse anayi anagundana mitu pa chisa, ndipo m'chisamo munali zikhokhombe zokhazokha.

"Mwalawira bwanji, achimwene?" anafunsa Nyenga.

"Ndimangodutsa," anatero Ng'azi. "Nanga iwe?"

"Ndimawongola miyendo."

"Miyendo ija yafika m'chisa? Tatsegula pakamwa tione."

"Onani mimba ya Ng'azi mmene yakulira," anatero Khwangwala.

"Ndinabadwa nayo imeneyi. Iwe kolalayo yadetsedwa ndi chiyani?"

"Mmodzi yekha, adye onse," anatero Nyani pang'onopang'ono. "Wina pano wamva bwino masamu."

Popeza sanadziwe wakuba ndani, anatsata pangano pa onse. Ng'azi analuma mchira wa Nyenga. Nyenga anazula nthenga za Khwangwala. Khwangwala anajompha kumbuyo kwa Nyani mpaka kunafiira. Nyani anagwira mchira wa Ng'azi n'kumuzunguza, kumuponya m'madzi kuti phava. Chidyerano chinathera pomwepo, ndipo aliyense anathawa akutsimphina, m'mimba muli pululu.

Nankhoma anatsika pa chulu akuseka mpaka misozi. Anaitana ana, anawawerenga, anakwana khumi ndi atatu.

"Tengani wanu, alamu, ndipo zikomo."

Nasoko anayang'ana tianato. Tonse tinali tamizeremizere, tonse tikulira chimodzimodzi, tonse tikupondana.

"Wanga ndi uti?"

Nankhoma anayang'ana uyu, anayang'ana uyo. Kadontho kakuda kanali katatsala pa chikhokhombe.

"Sindikumudziwa," anavomera.

"Ndiye musawagawe, alamu. Anayi alephera, ife awiri tingathe?"

Nankhoma anapalasa pansi pa chulu, chiswe chinatuluka, ndipo anaitana ana onse kuti adye. Atakhuta, amayi awiri aja anawatenga ulendo wa kumunda wa mapira, wina patsogolo, wina pambuyo. N'chifukwa chake mpaka lero nkhanga zimayenda chigulu, ndipo mwana wa nkhanga aliyense ali ndi amayi ambiri.

Phunziro lake nali: wadyera amene sangathe kusiya dzira limodzi amataya chisa chonse, ndipo chochepa chimene mnzako wakupatsa ndi mtima wonse chimapulumutsa zambiri.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaifukule, isanasanduke khala.