Nkhunda Yotsala

Panali munthu wina woweta nkhunda, koma anali nazo ziwiri zokha. Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, pakhomo pake panaima mlendo wopanda chithunzithunzi.

"Bambo, ndikuchulukitsirani ziweto," anatero mlendoyo. "Chaka chilichonse tizitenga mawerengero a nkhunda zanu a zaka zonse za m'mbuyo, tiziwachulukitsa pamodzi, ine n'kuikapo imodzi yanga. Mukadzatopa nane, mudzazigawe mofanana, pasatsale ngakhale imodzi."

Munthu uja anavomera.

Chaka chotsatira nkhunda zinakhala zitatu. Kenako ziwiri zija kuchulukitsa ndi zitatu, kuikapo imodzi, zinakwana zisanu ndi ziwiri. Chaka chinacho zinafika makumi anayi ndi zitatu. Koma m'khola munali zii. Mbalamezo sizinkalira. Mwini wake akamadutsa, zonse zinkatembenuza mitu nthawi imodzi n'kumamuyang'ana.

Ndipo nthawi iliyonse mlendo akaikapo yake, pakhomopo pankatayika mawu. Anayamba ndi galu, analeka kuuwa. Kenako tambala. Kenako mwana wawo wamkazi anadzuka m'mawa, kukamwa kukuyenda, mawu osatuluka.

Apo munthuyo anachita mantha. Anatenga madengu awiri n'kugawa nkhunda zija: inatsala imodzi. Anayesa atatu: inatsala imodzi. Asanu ndi awiri: chimodzimodzi. Nambala iliyonse imene inabala gululo inalephera kuligawa, pakuti pamwamba pake panali imodzi ya mlendo.

Mkazi wake anati, "Bambo a mwana, nambala iyi sigawika. Njira ndi imodzi basi. Itanani anthu makumi anayi ndi atatu, aliyense atenge yake."

"Ndiye ine nditsale ndi chiyani?"

"Mutsala ndi mwana."

Munthuyo anayang'ana khola. Ankadziwa kuti chaka chamawa zidzapitirira chikwi. Anagwira nkhunda yotsala ija, naipotokola khosi, naiponya kudzala. Zotsalazo zinalowa bwinobwino m'madengu asanu ndi awiri.

Atatembenuka, anapeza mlendo ataima pambuyo pake, akuwerenga ndi chala. Anawerenga madengu onse, koma chala sichinatsike. Chinasuntha pang'onopang'ono n'kuima pachifuwa cha mwini khola.

"Mwapha yanu," anatero. "Yanga simungaidziwe, inasakanikira kale. Koma wotsala alipobe."

Munthu uja anatsegula pakamwa kuti akane. Sipanatuluke kanthu. Pamenepo nkhunda zonse m'madengu zinayamba kulira, ndipo mkazi wake anagwira pamutu, chifukwa zinkalira ndi mawu a mwamuna wake.

Inu amene mukumva, chinthu chokhota mukachilowetsa m'zanu sichikhala pambali kudikira kuti mudzachitole. Chimalowa m'chiwerengero, ndipo zonse zobwera pambuyo zimabadwira pa icho. Musadzinamize kuti mudzachotsapo kamodzi n'kusunga zinazo. Tulani zonse, mukadali ndi pakamwa poitanira anthu.