Njinga Yopanda Kaliyala

Kalekale, ana inu, njinga zisanachuluke ngati mbuzi, kunali munthu wina wokonza njinga dzina lake Kadzuwa. Sendererani kuno, chifukwa nkhani yake imaseketsa koyambirira kokha.

Kadzuwa anali munthu wosadziwa kukana. M'mudzi monse njinga yoyenda inali yake yokha, ndiye aliyense ankamutuma. Wa chimanga chopita kuchigayo, kwa Kadzuwa. Wa mbuzi yopita kumsika, kwa Kadzuwa. Ngakhale wongomva litsipa, nayenso kwa Kadzuwa. Njingayo inasenza, inasenza, mpaka tsiku lina inathyoka pakati pa msewu ili ndi matumba a eni ake. Eni matumbawo anatola matumba awo n'kumapita. Kadzuwa anatsala pansi akupukuta magazi pabondo. Zinamuwawa mumtima, ndipo ine sindimuimba mlandu.

Tsono Kadzuwa anali ndi mwana mmodzi yekha, Mwandida. Mkazi wake anali atamwalira kale. Mwandida anakwatiwa kutali, kutsidya kwa mtsinje waukulu, kuseri kwa phiri, ndipo anamutenga chitengwa kukakhala kwawo kwa mwamuna. Mvula inagwa, inakata, inagwanso, koma kuchokera kumeneko sikunabwere ngakhale moni. Bamboyo anamusowa mwana wake mpaka chakudya chinaleka kukoma.

Ndipo anati, "Ndimanga njinga ina. Ya ulendo wautali. Ndikamuone mwana wanga."

Felemu ya njinga yothyoka ija anaiwongola n'kuilumikiza bwinobwino. Koma felemu yokha siyenda. Panasowa gudumu lakumbuyo, panasowa chishalo, panasowanso tcheni.

Anapita kwa mayi woumba mbiya, amene malemu mwamuna wake anasiya gudumu patsindwi. Mayiyo anati, "Tengani, achimwene. Likungodya dzimbiri."

Anapita kwa mlenje. Mlenje anamupatsa chikopa cha gwape, nati, "Kutira nacho chishalo. Ulendo wautali umayamba kupweteka pokhalira."

Anapita kwa telala, amene kale anali ndi njinga. Telala anatulutsa tcheni m'chitini, nawonjezerapo mafuta a makina ake osokera.

Tsono Kadzuwa anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba ntchito. Anakunga masipoko limodzilimodzi, akuzunguza gudumu ndi kumvetsera ndi chala, mpaka linaleka kupepeluka. Ananyika tcheni m'mafuta. Anakweza mahandulo kuti msana usamuwawe panjira. Pampu, sipanala ndi zigamba za chubu anazimangirira kufelemu ndi malegeni. Chilichonse anachiyeza ndi thupi lake, miyendo yake, mikono yake. Njinga inatuluka yokongola, yoti munthu aime n'kuiyang'ana kawiri.

Chinatsala ndi kaliyala, chitsulo chija chakumbuyo chokhalapo munthu ndi katundu. Kadzuwa anamunyamula, namuyang'ana nthawi yaitali. Anakumbuka matumba aja ndi bondo lija. Ndipo anati, "Iwe ndiwe unandipha. Njinga ino ndi yanga ndekha." Anakamuika pakhomo pa khola la nkhuku kuti akhale chitseko. Nkhuku zinagona bwino, ndithu.

M'mawa wa ulendo, anthu atatu aja anafika. Inu mukudziwa mwambo wathu: munthu akamapita kutali, amapatsiridwa.

Telala anati, "Mwana wanga ali m'mudzi woyamba umene mudutse. Mumupatsireko diresi iyi."

Kadzuwa analoza kumbuyo kwa njinga. "Pepani, mwaona nokha. Ndilibe poika."

Mlenje anati, "Amayi anga ali padooko, kutsidya kwa mtsinje. Kafodya aka kokha."

"Pepani. Ndilibe poika."

Woumba mbiya anati, "Mlongo wanga ndi wosula zitsulo, m'tsinde mwa phiri. Kamphika aka ndamuumbira ndekha."

"Pepani, chemwali. Ndilibe poika."

Palibe amene anamukalipira. Anangobwerera ndi katundu wawo m'manja, ndipo zimenezo zinali zowawa kuposa kukalipira. Koma Kadzuwa anakwera njinga, n'kupalasa.

Ha, njinga inapepuka! Inkathamanga ngati yaba. Pamudzi wa mwana wa telala anadutsa atayang'ana kumbali. Mtsinje anaoloka njinga ili paphewa, madzi akulekeza m'mawondo, ndipo nyumba ya amayi a mlenje anailambalala. M'tsinde mwa phiri anamva nyundo ya wosula ikulira, koma belu lake sanaliize. Mumtima ankati, taonani kukoma kwake kuyenda wekha.

Atafika kuseri kwa phiri anafunsa nyumba ya mpongozi wake. Anthu anayang'anana. Kenaka anamulozera kachisakasa kumapeto kwa mudzi.

Mwandida anali atakhala pamphasa yong'ambika, khanda lili pamiyendo. Anali ataonda mpaka bambo ake anamuzindikira ndi mawu okha. Mwamuna wake anali atamwalira dzinja lapitalo. Abale a mwamunayo anatenga nyumba, mbuzi ndi nkhokwe, iye n'kumusiyira chifuwa ndi mwana.

Kadzuwa anagwa pansi n'kulira. "Mwana wanga, bwanji sunabwere kwanu?"

"Ababa, miyendo ilibe mphamvu," anatero Mwandida. "Ndinkakwawira kumsewu kukapempha apanjinga kuti anditengeko. Aliyense amati alibe poika."

Mawu amenewo anamulasa Kadzuwa ngati mkondo, chifukwa anali ake omwe.

Mwandida anadzuka pogwirira khoma, akumwetulira koyamba. Anaizungulira njinga ija, naisisita chishalo cha gwape. Kenaka anayang'ana kumbuyo kwake.

"Ababa, nanga ine ndikhala pati?"

Ana inu, pamenepo Kadzuwa anakweza maso. Kumwamba mitambo inali itayamba kuda. Mvula ikagwa kumapiri, mtsinje waukulu umadzaza, ndipo suolokeka mpaka dzinja litatha. Mwandida sakanalimba dzinja lina m'chisakasa chimene chija.

Anamukhazika pafelemu kutsogolo, koma chitsulo chinamupweteka, khanda n'kutsala pang'ono kugwa. Anayesa kumubereka, koma njinga inasowa woikankha. Potsiriza anamukhazika pachishalo, iye n'kubereka mdzukulu wake ndi chitenje, nayamba kukankha. Anthu m'njira ankaseka kuona bambo wa imvi atabereka khanda. Iye analibe nazo ntchito. Chimene chinkamuopsa ndi mabingu, chifukwa ulendo wokankha ndi ulendo wa nkhono.

Anatsika phiri, nafika pakhomo pa wosula uja. Panalibenso kolambalala. Anaodira.

Wosula anatuluka, koma sanayang'ane munthu. Anayang'ana gudumu lakumbuyo. Anagwada, nagwira pamene panali chilumikizo chakale.

"Gudumu ili ndi la malemu alamu anga. Apa ndinalumikiza ndine. Mwachokera kwa mlongo wanga! Wandipatsira chiyani?"

Kadzuwa akanatha kunama, koma anali atatopa. "Anakuumbirani kamphika. Ndinakakana. Ndinachotsa kaliyala dala kuti anthu asanditume."

Wosula anaimirira. Anayang'ana Mwandida akutsokomola pachishalo, nayang'ana khanda kumsana kwa agogo ake. Kenaka analowa m'chipala mwake n'kuyamba kupopa moto. Anatenga makasu akutha ndi chitsulo cha bedi lakale. Nyundo inalira, inalira, ndipo kaliyala anatuluka wamkulu, wotambalala, wokhala ndi popondapo mapazi ndi ngowe zokolekapo katundu uku ndi uku.

Kadzuwa anati, "Achimwene, wakulatu ameneyu. Akwana anthu awiri."

"Ndachita dala inenso," anatero wosula. "Pamwamba akhale mwana wanu. M'mbalimu mukoleke nkhwangwa iyi, mukampatse mlongo wanga."

Kadzuwa analandira nkhwangwayo ndi manja awiri.

Tsono anapalasa. Njinga inalemera, thukuta linatsika, koma inkayenda. Padooko anaima yekha, osaitanidwa, nagogoda kwa amayi a mlenje. Anawauza za fodya amene anamukana. Nkhalambayo inangoti, "Fodya adzabwera, mwananga. Mtsikanayu wadya?" Inamuphikira phala, inapinda chiguduli n'kuyala pakaliyala kuti pafewe, kenaka inatulutsa chikwatu cha mfutso. "Ichi n'cha mlenje wanga. Malo alipo?"

"Alipo, amayi," anatero Kadzuwa.

Madontho oyamba anawapeza ali pakati pa mtsinje. Madzi anali atafika m'chiuno, ofiira, okoka. Kadzuwa anaolotsa khanda, nabwerera kukabereka Mwandida, nabwereranso kukatenga njinga ndi katundu wa eni ake. Atangoponda kumtunda komaliza, anamva mkokomo. Anacheuka n'kuona mitengo yathunthu ikudutsa pamene anaponda.

Pamudzi wa mwana wa telala analiza belu mpaka mayiyo anatuluka. Atamva za diresi, anaseka. "Kaya ikanandikwana, onani mmene ndanenepera." Anafunditsa Mwandida bulangete lake. Kenaka anatenga luzi, nayeza msinkhu wa mwana wake wamng'ono, namanga mfundo. "Mukawapatse ababa. Adziwe pamene mdzukulu wawo wafika, amusokere malaya."

Kadzuwa analowa m'mudzi mwake njinga ikulira kwiii, kwiii, chifukwa cha kulemera. Asanapite kunyumba kwake anaima kwa woumba mbiya n'kupereka nkhwangwa. Anaima kwa mlenje n'kupereka mfutso. Anaima kwa telala n'kupereka luzi lija, ndipo telala analigwira n'kugwetsa misozi, poona kuti mdzukulu amene anamusiya akukwawa tsopano akumulekeza m'chiuno.

Mwandida anachira. Woumba mbiya ankamuphikira, mlenje ankabweretsa nyama, telala anasokera khanda zovala. Paja amati kupatsa n'kuika.

Dzinja litatha, mtsinje utaphwa, Kadzuwa anapopa matayala ake m'mamawa. Anthu anadabwa. "Mukupitanso kuti, poti mwana wanu ali pano?"

Iye anamanga diresi, fodya ndi kamphika pakaliyala, nakoka malegeni kuti zilimbe. "Ndili ndi katundu wa eni ake. Wachedwa kale."

Mwamva, ana inu? Kutopa ndi kutumidwa si tchimo, ndipo nthawi zina kukana n'koyenera. Koma chilichonse chimene mukumanga, kaya njinga, kaya nyumba, kaya moyo wanu umene, musachimange chokwana inu nokha. Siyanipo malo a munthu wina, chifukwa simudziwa amene adzawafune. Mwina adzakhala mwana wanu yemwe.

Nthano yanga yafika, ndipo yathera pomwepa. Tsikani.