Nyimbo ya Nkhwali pa Mtondo

Padangokhala, ana inu, Nkhwali wina wamasiye amene ankalima mawere tsidya lino la mtsinje. Mchere unkaphikidwa kutsidya ndi a Nkhanu, ndipo doko lowolokera linali m'manja mwa Mvuu. Ukafuna mchere unkadzaza ufa wa mawere m'dengu la Mvuu, dengu loti mbuzi n'kugonamo, iye n'kukupatsa mchere wa m'chigoba cha nkhono. Wodandaula ankapondedwa basi, Mvuu analibe nthawi yomva milandu.

Chaka china mvula inavuta, koma Mvuu m'pamene anakulitsa dengu. Nkhwali anasuzumira m'nkhokwe, anayang'ana anapiye ake, mtima unamuwawa. Pakamwa sakanatha kunena. Koma m'mudzimo munali mwambo woti zoyimba pa mtondo sazengera mlandu, choncho anagwira munsi n'kuyamba:

Dengu lako lakula, Mvuu,
Chigoba sichikula,
Gu, gu, akudya thukuta langa ndani?

Nkhanga anailandira nyimboyo, Mbewa anailandira, mudzi woyandikana unailandira. Anamzeze, amene sadziwa malire a dziko, anawoloka nayo. Pobwerera anabwera ndi yankho la a Nkhanu, lonena kuti iwonso amathira mchere m'dengu n'kulandira ufa wa m'chigoba. Apa m'pamene onse anadziwa kuti mkuluyo ankadya mbali zonse ziwiri.

Nkhwali sanakondwere, anachita mantha. Nyimbo inali itakula kuposa mwini wake, ndipo walira mvula walira matope. Tsamba likagwa ankadzidzimuka. Anapiye akatalikira pang'ono ankawaitana msanga, poganiza kuti iye akapondedwa adzawafungatira ndani.

Ndipo Mvuu anabweradi, nthaka ikugwedezeka. Nkhanga, amene ankakweza mawu kuposa onse, anati mutu wamugwira n'kukalowa m'nyumba. Mbewa analowa kuuna. Pabwalo panatsala Nkhwali ndi mtondo wake.

"Wayambitsa nyimbo imeneyi ndani?"

"Ndine, bambo," anatero Nkhwali. "Koma ndinayimbira pa mtondo."

Mvuu ankaudziwa mwambowo, poti nawonso mayi ake ankawayimba bambo ake pa mtondo. Anabweza phazi limene anali atakweza, koma analamula kuti kuyambira tsikulo pa mtondo pasamvekenso nyimbo, ndipo woyimba adzapondedwa pamodzi ndi ana ake.

M'mawa mwake Nkhwali ndi Nkhanga anayesa kusinja ali duu. Paja nyimbo ndi imene imauza munsi nthawi yotsika. Minsi inagundana m'mwamba, mawere anamwazika, Nkhanga anatupa pachipumi. Nkhwali anagoneka munsi pansi. Anzake ataona anagonekanso yawo, mudzi ndi mudzi, ndipo a Nkhanu atamva anazimitsa moto wa mchere.

Dziko linati zii. Nkhwali ankangoyang'ana njira ya kudoko, osadziwa ngati kukhala chete nakonso kuli ndi chilango. Anapiye ankajompha mawere osasinja n'kukhuta ndithu, Mbewa nayenso ankangokukuta. Koma chimimba cha Mvuu chinazolowera phala, ndipo analibe ufa wogulitsa kutsidya kapena mchere wogulitsa kuno.

Mvuu anabweranso khungu litachita makwinya, nthaka osagwedezeka n'komwe. Anatsokomola, anayang'ana kumbali, kenaka anati atha kuyimba, bola asinje.

Nkhwali anabisa anapiye kumbuyo kwake. Mantha anali asanamuchoke, koma anayankha.

"Tiyimba, bambo, koma nyimbo ndi yomwe ija. Idzasintha tsiku limene ufa ndi mchere zidzayezedwa ndi muyeso umodzi, inu n'kumangotapa gawo la wowolotsa."

Mvuu anakweza phazi. Nkhwali anatsinzina. Kuseri kwa nyumba kunamveka munsi wa Nkhanga, gu, kenaka wa Mbewa, gu, kenaka midzi yonse mpaka kutsidya, nyimbo ili pakamwa. Mvuu anaona kuti alibe mapazi okwanira. Anatsitsa phazi lake pang'onopang'ono pambali pa anapiye, n'kuvomera muyeso umodzi.

Ndiye mumve, ana inu: wamkulu angatseke pakamwa pa wosauka mmodzi, koma sangadye popanda manja a onse amene akuyimba ndi wosaukayo.