Dyute ya Gologolo pa Una wa Linthumbu

Shii, Siyeni mwana wanga, usalire. Achibale a malemu bambo ako ali pakhondepo, abwera kudzakutenga. Bwera kuno kuseri kwa matumbawa, ndikuuze nthano. Padangokhala. Usayankhe, ungogwedeza mutu.

Chaka china kudagwa njala, mitengo gwaa. Nyalugwe adabwera kuchokera kutauni ali ndi mawu amodzi a Chingerezi mkamwa. Dyute.

Adasonkhanitsa nyama zonse. "Mbuli inu, tcherani khutu. Dyute ndi ntchito yosakana. Sufunsa chifukwa, suthokozedwa. Ndipo wa pa dyute sachoka pamalo mpaka wina atamulandira. Wothawa pa dyute, mchira tidula."

"Nanga ntchito yake njotani, bwana?" adafunsa Gwape.

"Mayi aliyense azibweretsa mwana adzandiingire ntchentche."

Mwana wa Gwape adapita. Sadabwerere. Wa Nguluwe adapita. Zii. Nyalugwe kumangonenepa.

Tsono lidakwana tsiku la Gologolo. Kamwana kake kadali kamodzi, ngati iwe. Adakabisa m'phako, iye n'kukakhala pa una wa linthumbu, nyerere zolusa zija, atayala tsamba lonyowa kunsi kuti zisamulume.

Adafika Fisi, mtumiki wa Nyalugwe, dovu chuchuchu.

"Iwe kamchira, mwana ali kuti?"

"Pepani achimwene, ndili pa dyute. Abwana adati nditseke unawu, muli chuma chawo. Sindingachoke popanda wondilandira."

"Bodza!"

"Chabwino, ndichoke. Mukawauze kuti mwandichotsa ndinu."

Fisi adayang'ana kamchira kake, kotsala kale pang'ono. "Choka msanga, ndikulandire. Ukatenge mwanayo!"

Gologolo adadzuka, n'kukoka tsamba lija. Fisi khaa, kukhala. Linthumbu lidayamba ntchito.

"Mayo ine! Chikuluma n'chiyani?"

"Dyute safunsa chifukwa, achimwene." Gologolo uyo, mumtengo.

Fisi kulira, kugwedeza matako, koma kudzuka ayi. Dzuwa lidafika pamutu. Nyalugwe njala itamupweteka, adabwera yekha, maso psuu.

"Chitsiru iwe, ndakutuma mwana, wakhala pansi?"

Gologolo adakuwa ali m'mwamba: "Bwana, mwanayo ndidapereka kalekale! Amukankhira muunamo, akhalapo kuti adye okha. Taonani dovulo!"

Nyalugwe adamenya Fisi khofi, Fisi kugubudukira uko. Adapisa dzanja muuna, osakhudza kanthu. Adagona chafufumimba, n'kulowetsa mphuno yonse.

"Mwamulandira, bwana!" adatero Gologolo. "Nyama zonse, bwerani mudzaone! Abwana ali pa dyute!"

Zidabweradi. Gwape, Nguluwe, amayi onse oferedwa aja, kuima mozungulira, osaphethira. Linthumbu lidalowa m'mphuno, m'makutu, m'zikope.

"Wina andilandire!" adakuwa Nyalugwe, n'kuyamba kuchonderera.

"Gwape, mlongo wanga!"

"Mlongo wanu ndani? Akulandireni mwana wanga."

Nyalugwe adalephera kupirira. Adalumpha, liwiro la kumtsinje. Koma Nguluwe adaponda mchira, Fisi ndi ukali wake n'kuuluma, phwa, mchira kuduka! Lamulo lake lomwe.

Gologolo adatulutsa kamwana kake m'phako, kubereka, akuseka mpaka misozi. "Dyute imakoma ikakhala pa matako a mnzako!"

Yathera pompo, mbatata tikaphulira kutsogolo. Wamva? Nawonso achibale ali pakhondewo akuti kukutenga ndi udindo wawo. Ayambe kaye akhala pa unapo. Kwera kumsana, gwira khosi langa. Titulukira pazenera la kumunda. Usatsokomole.