Tsiku Limene Gwaza Anaitana Mokoma

Kalekale, m'mudzi wina wa m'mphepete mwa dambo munali munthu wina dzina lake Gwaza. Ayi ndithu, munthuyu sankadziwa kuyankhula, ankadziwa kukuwa basi. Dzuwa likakwera, ankaima m'dimba mwake tsidya la mtsinje n'kubangula kuti, "Nangondo! Phala!" Mawu awiri, go! go! ngati nkhwangwa. Mkazi wake Nangondo ankabereka khanda n'kuwoloka ndi phalalo.

Kambuku wanjala ankamva zonsezi ali m'bango. Tsiku lina anamudumphira Gwaza n'kumupanikiza pansi.

"Iwe wekha sundikwana. Itana mkazi wako monga umaitanira. Ukawonjeza liwu limodzi, ndikudula kholingo."

Gwaza anamvera. Sanawonjeze, sanachotse. Koma anaitana pang'onopang'ono, mokoka, mokoma ngati mnyamata wofunsira mbeta: "Nangoondo... phaala..."

Kunyumba, Nangondo anaima, chipande chili m'manja.

"Akuitanatu alamu," anatero mng'ono wake Nachisale. "Lero mpaka kunyengerera! Mwawadyetsa chiyani?"

"Khala chete iwe. Mawuwo ndi awo, koma kaitanidweko si kawo."

"Aa, inunso achemwali! Akakuwa mukudandaula, akafatsa mukukayika."

"Zaka khumi ndili nawo. Ngakhale tsiku la chinkhoswe sanandiitane chonchi."

Anamvetseranso. Kachiwiri, mokoka. Kachitatu, mokoka, liwu lomaliza likunjenjemera. Apo Nangondo anadziwa kuti kudimba kuli choopsa.

"Ndikubweratu, bambo!" anayankha mosangalala, kuti amene ali kumeneko asadziwe. Kenako anapereka khanda kwa Nachisale n'kuthamangira kubwalo kumene amuna ankasoka mphasa.

"Tengani mikondo! Amuna anga andiitana mwaulemu!"

Anthu inu, amunawo sanaseke. Onse ankamudziwa Gwaza. Anadzuka nthawi yomweyo, anawoloka, anazinga dimba. Kambuku anayembekeza phala ndi mkazi, koma analandira mikondo.

Gwaza anapulumuka ndi mabala paphewa. Manyazi anamugwira, ndipo m'mawa mwake anati asinthe khalidwe. Anaitana motsitsa, "Nangoondo..."

Mkazi anatulukira ndi nkhwangwa m'manja, maso ali tong'o. "Chili kuti?"

"Palibe, mayi. Ndimangokuitanani."

Nangondo anaika nkhwangwa pansi, misozi ili mbwe. "Ndiye muziitana chonchi tsiku lililonse, mpaka ndizolowere."

Mwamva inu? Pomvera munthu musamangotola mawu okha, muzimvanso mmene akuwatulutsira. Yanga yathera pomwepa, kaphuleni mbatata zija zisanapserere.