Alufandika ndi Madzi Oyenda Kuwiri

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, Shire asanayambe kutilanda minda chaka ndi chaka, munali munthu wina dzina lake Alufandika. Ameneyo ndi agogo awo a agogo anga. Ndiye nonse mwakhala panonu magazi ake muli nawo, makamaka inu amene mukauzidwa kanthu mumayankha kuti "ndikudziwa kale."

Alufandika anali msodzi. Msodzi wake wotani? Ankati akatsokomola padoko, milamba inkatuluka yokha m'matope n'kudzandanda pamzere. Ng'ona zikamva nkhafi yake zinkapatuka, zina mpaka kuwomba m'manja. Mukuseka chiyani? Ng'ona ilibe manja? Koma chilema chake chinali chimodzi: sankauzidwa. Ukamuuza kuti mvula ikubwera, iye ankati ndi utsi. Mvula ikamunyowetsa, ankati ndi thukuta.

Ali mnyamata ankapalasa mabwato a amalonda kutsika Shire mpaka kulowa Zambezi. Padoko lina kumeneko anapeza mtsikana akugulitsa mchere ndi alongo ake, ochokera kumene mtsinje umathera m'nyanja yamchere. Dzina lake Nsayi, wamfupi, wakuda bii, pakamwa pakuthwa ngati mbedza. Alufandika anati mcherewo ndi wamchenga. Nsayi anati mchenga uli m'mutu mwake. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pobwerera bwato linali ndi katundu amene sanatumidwe: Nsayi yemweyo.

Mkangano umenewo sunathe. Anabereka ana akukangana, anamera imvi akukangana. Pamudzi pano anthu sankadzuka ndi tambala, ankadzuka ndi mawu a Nsayi akuti, "Bambo a Malita, ukondewu mwaupachika ngati mwaupachika ndi phazi!" Ndiye Alufandika kuseri uko, "Amake Malita, ukonde ndinayamba kuupachika inu musanamere mano!"

Tsono atakalamba, Nsayi anadwala chifuwa. Chifuwacho chinapola, koma ana ake aakazi, chifukwa cha chikondi, anamulanda zonse. Akagwira khasu, "Khalani pansi amayi." Akagwira tsache, "Khalani pansi amayi." Akati asende chinangwa, mpeni kumulanda. Anakhaladi pansi. Anakhala, anakhala, mpaka kukhala kuja kunasanduka kugona. Mawu anachepa. Kudya kunachepa. Mikono inatsala ngati bango.

Alufandika anatulutsa luso lake lonse. Anabweretsa mphende zonona, anabweretsa nsomba za njole, anabweretsa mlamba waukulu ngati mwana wa mvuu. Nsayi ankangokhudza ndi chala, n'kunena chapansipansi, "Zikomo, bambo a Malita."

Zikomo! Nsayi kunena zikomo? Mdala uja anasendera pafupi. Anakhala pamphasa pambali pake n'kufunsa, "Amake Malita, mukundisiya kodi? Nenani chimene mtima ukufuna. Ngakhale chiwindi cha ng'ona ndikakutengerani."

Nsayi anayang'ana kudenga. "Kwathu kuli nsomba ina," anatero. "Yoyera mbee, yamafuta pamimba, imadumpha pamwamba pa madzi ngati yakondwa. Amayi ankaiphika ndi kokonati. Ndikanangoilawa imeneyo."

Dzina lake la kwawoko limatipinda lilime, ife timangoti kadumpha.

Ana analetsa, ankhoswe analetsa. Mukuganiza kuti anamva? Anayala mphasa m'bwato, anamangapo kadenga ka udzu, anamugoneka mkazi wake bwinobwino, n'kulilozetsa bwato kumunsi. Shire anawapereka kwa Zambezi, Zambezi anawapereka kunyanja.

Anafika nthawi ya mwera, mphepo yozizira ija ikuwomba kuchokera kummwera. Mudzi wa kwawo kwa Nsayi unali m'mbali mwa khwawa la madzi amchere, lozingidwa ndi mitengo yomera m'madzi, mizu yake ili panja ngati miyendo ya kangaude. Mlongo wake wa Nsayi, mkulu wina wa ndevu zochepa dzina lake Bulaimu, anawalandira ndi misozi. Atamva chimene abwerera anapukusa mutu.

"Alamu, mwafika nthawi yolakwika. Onani madziwo, afiira ndi matope, azizira, mafunde akumenya pakamwa pa khwawa. Nsomba imene mukufunayo yapita kwakuya. Dikirani kutenthe, mango ayambe kupsa, mphepo itembenuke izichokera kumpoto. Madzi akayera n'kufunda, idzabwera yokha mpaka m'mizu umu."

"Dikirani?" anatero Alufandika. "Alamu, mlongo wanuyo mwamuona? Ndi wodikira mango ameneyo? Madzi ndi madzi, nsomba ndi nsomba. Ndipatseni chikwanje."

M'mawa mwake anapalasa kulowa m'khwawa, anamangirira bwato kumtengo, n'kukwera kumtunda kukadula mabango oluka mono. Pobwerera, mtolo uli pamutu, anaima chilili. Madzi kulibe! Bwato lili gone pamatope, khwawa lonse lauma, tinkhanu tikungoyendayenda ngati pamsika. Anaponya mtolo pansi, liwiro la kumudzi.

"Alamu! Amake Malita! Nyanja yathawa! Ine sindinaichite kanthu, ndangoisiya pang'ono, yasamuka!"

Anthu anagwa nako kuseka. Koma Alufandika sanamve kuseka kwa anthuwo. Anamva kaphokoso kena m'nyumba, ngati mwanapiye watsamwa. Kusuzumira, Nsayi ali pamphasa, mapewa akugwedezeka, misozi ili chuchuchu.

"Inu bambo inu," anatero akupuma movutika. "Madzi a kuno si Shire wanu woyenda kumodzi ngati mbuzi yomangidwa chingwe. Kuno amapita, amabwera. Amapita, amabwera. Mukadya n'kubwererako mukapeza bwato lanu likuyandama."

Anakapezadi likuyandama. Koma kuti avomere? Anati nyanja inachita mantha itamva kuti kwabwera msodzi, ndiye yabwerera kudzapepesa.

Analuka mono wake, anazika mpanda wa mabango kudula kakhwawa kakang'ono, n'kutchera monga timatcherera kuno, kukamwa kwa mono kuloza kumunsi, poti nsomba ya mumtsinje imakwera kulimbana ndi madzi. Madzi anabwera, madzi anapita. Mu mono munali matope, tsamba, ndi nkhanu imodzi yokwiya imene inamugwira chala n'kukana kumusiya mpaka kumudzi.

Nsayi ataona nkhanu ili lende kuchala, anadzuka n'kukhala tsonga. Kudzuka yekha, wopanda womugwira!

"Monowo mwaulozetsa kuti?"

"Kunyanja. Nanga nsomba zichokera kumwamba?"

"Mayo ine, ndinakwatiwa ndi chiyani? Ndinyamuleni ndikaone."

Alufandika anayang'ana phala limene linali pambali, lozizira, losakhudzidwa. "Sindinyamula munthu wopanda kanthu m'mimba. Mwera uwu ungandilande, ndikayambe kukusakani m'mitengo."

Nsayi anamuyang'ana ndi diso lija lakale. Anatenga chipande, anameza pang'ono, anamezanso. "Ndadya. Tiyeni."

Anamubereka kumbuyo ngati mwana. Pakhwawa paja Nsayi analoza ndi chala chake chowonda. "Madzi akamabwera amakwera mpaka kumiza mpanda wanuwo, nsomba zimadutsa pamwamba kukadya m'mizu. Zimagwidwa pobwerera, madzi akamaphwa. Kukamwa kwa mono kuziloza kumtunda. Mwamva, kapena ndinene m'Chisena?"

Ana inu, Alufandika anali msodzi. Anamva kamodzi, zonse zinalowa. Koma pobwerera kumudzi, mkazi ali kumbuyo, anamva chinthu china. Anamva mawu akutuluka osalekeza pafupi ndi khutu lake, akumunyoza za mono, za chala, za mayendedwe ake. Anamva timanja tija tikugwira khosi lake mwamphamvu. Anayenda pang'onopang'ono kuti njira italike.

M'mawa mwake anapita kukhwawa, anaugwira mono uja, anauyang'ana, n'kuutcheranso kuloza kunyanja.

"Mwatani?" anakuwa Nsayi atamva zimenezo. "Dzulo ndimalankhula ndi chitsa?"

"Ndinaiwala kuti kumtunda ndi kuti. Kuno kulibe phiri."

"Patseni phalalo! Ndinyamuleni!"

Basi, inakhala ntchito. Lero mono wapenya kolakwika. Mawa mpanda uli ndi mpata woti mvuu n'kudutsa. Mkuja wamangirira bwato ndi chingwe chachifupi, madzi pobwera alipendeketsa n'kulidzaza. Tsiku lina anatunga madzi a m'khwawa kuti aphikire tiyi wa mandimu. Cholakwa chilichonse chinkafuna Nsayi akaone ndi maso ake, ndipo ulendo uliwonse unkayamba ndi phala. Phala linasanduka mpunga. Mpunga unayamba kufuna ndiwo, tinsomba ta m'matope ndi nkhono zimene amayi a kumeneko amafukula madzi akaphwa.

Koma musaganize kuti zinali zopepuka. Munthu amene ng'ona zinkamuwombera m'manja anasanduka choseketsa cha mudzi wonse. Asodzi akamuona ankafunsa, "Alamu a kumtunda, lero nyanja ilipo kapena yathawanso?" Amayi anamupekera nyimbo yosinjira mpunga. Alufandika, amene kwawo kuno sankalola ngakhale mwana kumuuza kuti nsalu yamasuka, ankangomeza malovu n'kuseka nawo. Mumtima munkawawa, inde. Koma akatembenuka n'kuona Nsayi akubwera pambuyo ndi ndodo, osaberekedwanso, ululu uja unkapita ngati madzi a m'khwawa.

Tsiku lina Bulaimu anamupeza yekha m'mitengo muja akumanga mpanda. Anaima mwakachetechete n'kuona zala za mdala zikuluka mfundo yokongola, yolimba, mosayang'ana n'komwe. Kenaka zala zomwezo zinaimasula n'kumanga ina yobalalika.

"Alamu," anatero Bulaimu, "manja amenewo si a chitsiru."

Alufandika anadzidzimuka. Anayang'ana uku ndi uku. "Alamu, mwaona chiyani?"

"Ndaona munthu akuwononga mfundo yabwino."

"Mlongo wanu dzulo wadya mbale yonse, wapemphanso yowonjezera. Mukufuna mfundo kapena mukufuna mlongo?"

Bulaimu anayang'ana mpanda uja. Kenaka anawerama, anazula bango limodzi pampanda paja kuti mpata ukule. "Apa mpomwe angakalipe bwino," anatero.

Mwera unayamba kufooka. Kunja kunayamba kutentha, nyenje zinayamba kulira m'mitengo, mango anayamba kufiira m'masaya. M'mawa wina Nsayi anatuluka pakhomo, ndodo ataiiwala m'nyumba, ananunkhiza mphepo ngati galu wosaka.

"Yatembenuka," anatero. "Ikuchokera kumpoto. Bambo a Malita, mwezi ukakhala wathunthu madzi adzakwera kwambiri, ndipo nsomba zija zidzalowa. Mukadzalakwitsa tsiku limenelo, ndidzakusiyani ukwati, ndikalamba ndekha."

Madzi anayeradi, mpaka munthu kuona zala zake za kumapazi. Anafunda ngati osambitsira khanda. Ndipo pakamwa pa khwawa panayamba kung'anima, uku kwadumpha, uko kwadumpha.

Alufandika anaima pampanda wake, mono uli m'manja, mtima uli pawiri. Akatchera bwino, masewera atha, Nsayi adzasowa chodzukira m'mawa. Akatchera molakwika, nsomba imene anaolokera mitsinje iwiri idutsa. Inu mukanatani? Iye anatchera kukamwa kuloza kumtunda, anatseka mipata yonse, anamanga mfundo zake zenizeni.

Madzi anabwera, madzi anapita. Nsomba zimene zinatsala kuseri kwa mpanda uja, akuti atazitola nyanja inatsika ndi chikhatho chathunthu, ndipo mpaka lero sinabwererenso pamalo pake. Amene sakukhulupirira apite akayeze.

Nsayi sanalole munthu kukhudza mphika. Anapala yekha mamba, anakanda yekha kokonati, anakoleza yekha moto. Nsomba itapsa anakhala pamthunzi ndi mwamuna wake, anabenthula pamimba pamafuta paja, anaika m'kamwa, anatseka maso. Anatafuna nthawi yaitali. Anadya nsomba yonse, anayamwa ndi mutu womwe.

Akusamba m'manja anati, osamuyang'ana, "Bambo a Malita, ukalamba wonsewu simunaphunzire kunama."

"Kunama chiyani?"

"Munthu amene anandimangira denga losadontha zaka zonse zija, angalephere mfundo ya bango? Ndinakuonani kalekale."

Alufandika anamutembenukira. "Nanga osanena bwanji? Mudzi wonse wandiimba nyimbo!"

"Ndikananena mukanasiya," anatero Nsayi. Anapukuta manja pansalu, n'kuika dzanja limodzi pabondo la mdala wake. "Moyo wanga wonse ndinkalakalaka kukuuzani kanthu inu n'kuyankha kuti 'chabwino, ndamva.' Ndikanafa bwanji zitangoyamba kukoma?"

Anakhala kunyanjako mpaka nyengo ya nsombayo itatha, kenaka anakwera mtsinje kubwerera kuno, Nsayi atakhala kutsogolo kwa bwato akuuza mwamuna wake mopalasira. Anakhalanso ndi moyo mpaka kuona ana a adzukulu ake.

N'chifukwa chake kwathu kuno wodwala kapena wokalamba sitimulanda mpeni m'manja. Timamuphikira, inde, timamusambitsa, koma timamusiyiranso choti atikonze. Mukaona agogo anu angoti zii pakhonde, musawauze kuti pumulani. Tengani lichero mukapetere pamaso pawo molakwika, mankhusu azibwerera mumpunga. Akakukalipirani, musakwiye. Pitani mukawonjezere ndiwo, chifukwa munthu ameneyo lero adya.