Kompyuta ya Pakona Itasiya Kulankhula

Panali munthu wina amene ankayang'anira makompyuta pa sukulu ina ya ntchito zamanja, pamwamba pa phiri pamene nkhungu imachedwa kuchoka. Anthu ankamutchula kuti a Kaliwo.

M'chipinda chophunziriramo munali makompyuta makumi awiri. Onsewo analibe disiki yosungiramo zinthu m'kati mwake. Ukawazimitsa ankaiwala zonse. Chilichonse chimene kompyuta imafuna kuti idzuke chinkasungidwa m'kompyuta imodzi ya m'kachipinda ka kuseri, imene timaitcha seva. M'mawa uliwonse akayatsidwa, makompyutawo ankaitana seva kudzera pa waya, iyo n'kuwatumizira onsewo sisitimu imodzimodzi, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta.

A Kaliwo ankaikonda nthawi imeneyi. Ankaima pakhomo, kapu ya tiyi ili m'manja, mawindo ali mbuu ndi nkhungu. Timagetsi tobiriwira ta pa kabokosi ka mawaya tinkayamba kuphethira kamodzikamodzi. Mafani oziziritsa makompyuta ankalira chapansipansi ngati njuchi zimene zili patali. Kenako masikirini ankawala, ina apa, ina uko, pang'onopang'ono, mpaka chipinda chonse chitayera. Zonsezi zinkatenga mphindi zisanu.

Koma mphindi zisanuzo zinayamba kuwatalikira anthu. Aphunzitsi ankayang'ana mawotchi. Nawonso a Kaliwo, akamayenda m'kanjira ka m'mabulugamu popita kunyumba, ankaona m'maganizo makompyuta onse akudzuka nthawi imodzi, ngati mbalame zikadzidzimuka mumtengo.

Loweruka lina anadzitsekera m'kachipinda kaja. Anaika sisitimu yatsopano, yopepuka. Kenako anayamba kuchotsa madalaivala akale. Dalaivala ndi kapulogalamu kakang'ono kamene kamathandiza kompyuta kumvana ndi chipangizo china chake, kaya ndi pulinta, kaya ndi chotulutsa mawu. Ambiri anali a zipangizo zimene anthu anasiya kale kupanga. A Kaliwo anawafufuta onse, mtima uli myaa.

Lolemba m'mawa makompyuta anadzuka pa mphindi imodzi yokha. Mkulu wa sukulu anabwera kudzawagwira chanza. A Kaliwo anawerenga timagetsi tija, napeza makumi awiri, tonse tobiriwira. Anabwerera kukachipinda kwawo akuimba likhweru.

Pakona pa chipinda chophunziriramo chija pankakhala mayi wina, a Nangondo. Maso awo anafa ndi matenda zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, ndipo anabwera pasukulupo kudzaphunzira kutaipa kuti apeze ntchito ya mu ofesi. Kompyuta yawo inali yakale kuposa onse. Inali ndi mahedifoni, ndipo inkawawerengera mokweza chilembo chilichonse chimene ataipa. Mayeso awo omaliza anali Lachisanu la sabata imeneyo.

Lolemba anavala mahedifoni n'kutaipa. Lachiwiri chimodzimodzi. Aliyense wodutsa ankaona sikirini yowala ndi zala zikuyenda.

Lachitatu masana ophunzira anatuluka kukadya. Nkhungu inali itakwera, dzuwa likulowa pawindo, tifumbi tikuyandama m'kuwalako. A Kaliwo analowa ndi kansalu kopukutira. Anapeza a Nangondo adakali pampando, manja ali pamiyendo. Pa sikirini panali tsamba lodzaza ndi zilembo zosawerengeka. Potaipa, zala za mayiwo zinali zitasuntha malo amodzi chakumanja, ndipo panalibe wowauza.

"Mayi, simukadya kodi?"

"Ndipita, achimwene. Ndimati mwina phokoso likatha ndiimva kompyutayi ikulankhula."

"Yasiya liti kulankhula?"

"Lolemba."

"Nanga osanena bwanji?"

A Nangondo anavula mahedifoni, nawagwira ndi manja awiri. "Ndimayesa pali pamene ndinadina molakwika. Komanso anzanga onse akusangalala kuti makompyuta akuthamanga. Ndinachita manyazi kuti wodandaula ndikhale ine ndekha."

A Kaliwo anatenga mahedifoniwo n'kuvala. Anali akadali ofunda. Anadina batani limodzi, kenako lina. Munali zii. Anatseka maso kuti amvetsere bwino, ndipo sikirini, dzuwa ndi chipinda chonse zinasowa. Anakhala choncho kwa kanthawi, osadziwa pamene zala zawo zili.

Atatsegula maso anapita kukachipinda kaja. Anapeza kuti dalaivala wa chipangizo cha mawu cha kompyuta ya pakona anali m'gulu la amene anafufuta aja. Anayesa kumubwezeretsa, koma sankagwirizana ndi sisitimu yatsopano. Seva inali yaing'ono, malo osungamo masisitimu awiri munalibe. Chipangizo china cha mawu, chogwirizana ndi sisitimu yatsopano, chikanafika kuchokera kutauni patatha masabata awiri.

Anakhala pampando nthawi yaitali, akuyang'ana ntchito yawo ya Loweruka lonse. Inali yokongola. Kenako anaifufuta, nabwezeretsa sisitimu yakale.

Lachinayi m'mawa makompyuta anadzuka mwaulesi monga kale. Ophunzira anang'ung'udza, ena akugogoda matebulo ndi zala. Mkulu wa sukulu anasuzumira pakhomo.

"A Kaliwo, kodi tabwereranso m'mbuyo?"

"Tabwerera, bwana. Tinasiyako munthu."

Pakona paja a Nangondo anavala mahedifoni. Anafufuza ndi chala, nadina chilembo chimodzi. Anaima. Anadinanso chomwecho, kachitatu, kachinayi, mutu atapendeketsa ngati munthu amene wamva mawu a m'bale wake panja pa nyumba. Kenako anawongola msana, zala zonse khumi n'kuyamba kuthamanga.

Lachisanu analemba mayeso, ndipo anakhoza. Chipangizo chatsopano chitafika, a Kaliwo anaikanso sisitimu yopepuka ija, koma ulendo uno anayamba akhala pa kompyuta iliyonse ndi mwini wake.

Tsono inu amene mwamaliza maphunziro a makompyuta lero, ndakusimbirani nkhaniyi chifukwa posachedwa mupatsidwa makiyi a seva za anthu. Mukasintha chinthu chimodzi pamenepo, chasintha kwa onse, kuphatikizapo anthu amene simukuwadziwa mayina. Musanafufute kanthu chifukwa chakuti n'kakale, yambani mwafunsa amene amakadalira. Mukamaliza, yendani mzere wonse, mpando ndi mpando. Wodandaula adzakupezani yekha ku ofesi kwanu. Amene muyenera kupita kukamufunafuna ndi uja wangokhala chete, poganiza kuti wolakwa ndi iyeyo.